Nyumba Yobwera pa Lole

Lolemba

Viza ya Esinati, mkazi wanga, yatuluka. Akubwera mwezi wamawa. Chimwemwe! Kenako thukuta. Ndimufikitsira kuti? Kuno kwa azungu, m'tauni ya Balbriggan, ndimagona chipinda chimodzi ndi a Tembo a ku Zambia, omwe mkonono wawo umamveka mpaka kusiteshoni ya sitima.

Koma nzeru ndaipeza pafoni, pa nthawi yopuma kuntchito: nyumba zopangidwa kufakitale. Osaumba njerwa, osakangana ndi mmisiri woledzera. Umangoloza, amabweretsa pa lole. Mitundu yake:
- yobwera m'zigawozigawo, amadzalumikiza pamaziko
- yamatayala, ngati basi yopanda dalaivala
- yamatabwa, yoika kuseri kwa nyumba ya wina

Ndasankha yoyambayo. Chithunzi ndamutumizira kale Esinati, ndalembapo kuti "Kwathu."

Lachiwiri

Chithunzi chafika kwa apongozi, kwa alamu onse, mpaka ku kwaya ya ku Ndirande. Akuti anthu akuimba nthungululu.

Kubanki ndavala jekete ya ukwati. Mtsikana wa pamenepo akufuna umboni woti ndimasunga ndalama mwezi ndi mwezi. Ndikumuonetsa gulu lathu la chipereganyu pafoni, ndikumumasulira mauthenga a Mayi Nkhoma, msungichuma wathu, okalipira ochedwa kupereka. Akufunsa ngati Mayi Nkhoma ndi bungwe lovomerezeka ndi boma. Ndikuti ayi, koma amaopsa kuposa boma. Sakuseka.

Lachitatu

A Tembo ayang'ana chithunzi, akutafuna buledi. "Mudala, ni yabwino. Manje uzaiika pati? Pa mutu?"

Malo! Ndaiwala malo! Ine mwana wa ku Thyolo, wodziwa kuti munthu amayamba ndi puloti, kuikapo mlonda ndi chinangwa, nyumba n'kubwera adzukulu atabadwa. Ndaimbira banki. Akuti ngongole ya nyumba amapereka ikakhala yomangirira pamaziko, pamalo ako, khonsolo italoleza. Ndayang'ana mitengo ya mapuloti cha ku Skerries. Ndatseka foni, ndamwa madzi.

Lachinayi

Basi, yamatayala. Ndakwera sitima kukaiona pamalo ena pafupi ndi nyanja pomwe zandandalikana zambirimbiri. Mphepo ikungoigwedeza. Ndikatambasula manja kukhitchini ndikukhudza bedi.

Banki ikuti chamatayala kwa iwo si nyumba, ndi m'bale wake wa galimoto. Ndiye ngongole wamba, chiwongoladzanja chochititsa chizungulire. Ndalimba mtima ndithu. Kenako gogo wogulitsa nyumbazi akuti malowo amatseka nyengo yozizira.

"Nanga ife tizikagona kuti?"

"Kunyumba kwanu," akutero.

Kodi! Ndi nyumba za anthu amene ali ndi nyumba kale.

Lachisanu

Yatsala yamatabwa. Mayi Nkhoma avomera kuti ndiike kuseri kwawo: "Achimwene, bola musamandipondere rape wanga." Mvula ikugwa, ife tikukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe ngati kwathu. Mzungu woyandikana nawo wasuzumira pampanda, wavula chipewa, akufunsa ngati galu wathu wamwalira.

Madzulo Mayi Nkhoma akumbukira kuti nawonso nyumbayo ndi ya lendi. Eni nyumba ayankha ndi liwu limodzi lokha. Ndazula zikhomo, nsapato zadzaza matope.

Loweruka

Musitolo ya zipangizo ndaona kanyumba kosungiramo makasu ndi mawilibala. Aka kokha ndi komwe thumba langa lingafike popanda kupempha munthu. Nakonso n'kopangidwa kufakitale, nanga si choncho? Ndalowa, ndagona pansi kuti ndiyese. Mapazi panja. Mlonda wandigwedeza chala chachikulu, akufunsa ngati aitane ambulansi.

Esinati watumiza uthenga wa mawu, akuseka ngati kamtsikana. Ndalephera kuumaliza.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi, mzimayi wina wandilozera chipinda cha lendi kwa gogo wina wamasiye. Chaching'ono, zenera limodzi loyang'ana pa mabini. Ndavomera.

Ndamuimbira Esinati, ndamuuza zonse.

"Amunanga, chitseko chake chimatsekeka?"

Ndati eya.

"Tikhalamo awiri okha?"

Ndati eya.

"Ndiye vuto lili pati? Koma ndasoketsa kale makatani a mazenera onse a pachithunzi paja."

Ndamuuza abweretse onse. Kuno kumazizira, tizifunda.