Maliro a Mayi wa M'chombo

Tsiku limene ndinafika ku Joni, malemu alamu anga anandichenjeza kuti, "Chimene bwana wataya, chisiyeni mu bini momwemo." Mawuwo ndinawasunga zaka zambiri, mpaka pamene adona amene ndimawagwirira ntchito ku Garsfontein anataya mabuku anayi a nkhani ya zithunzi, a mwana wawo amene anapita kunja.

Ndinawatola kuti ndiyale m'kabati. (Ndinayamba ndawakutumula kaye. Simungadziwe zimene anthu amabisa m'mabuku.)

Chingerezi changa ndi cha kukhitchini, koma nkhope sizifuna womasulira. Nkhaniyo inali ya mayi wokalamba m'chombo chopita ku nyenyezi ina. Anthu onse ali mtulo m'mabokosi agalasi, iye yekha ndiye ali maso kuwayang'anira. Mnzake ndi chiloboti chimene m'mawa uliwonse chimamufunsa kuti wadzuka bwanji. Za nyenyezizo sindinasamale. Chinandigwira ine ndi mmene anamujambulira akudya: msana kukhoma, diso kuchitseko, makiyi m'duku. Ndinati ameneyu ndiye munthu wanzeru. M'buku lachitatu anachizimitsa chiloboticho, ati chimamuchita ukazitape. Ndinaomba m'manja.

Buku lomaliza ndinalitsegula Lamulungu masana m'kachipinda kanga, adona atachoka. Mayi uja anagwa pansi. Masamba asanu otsatira analibe mawu: iye ali chigonere pomwepo, fumbi likuunjikana pa mabokosi aja.

Ndinangomva "Mayo ine!" wa kumudzi weniweni akutuluka pakhosi panga.

Achimwene Yusufu a ku Mangochi, amene amasamalira maluwa panyumba yoyandikana nafe, anafuula kuseri kwa mpanda.

"Agogo, kwagwanji?"

"Watisiya! Wapita yekhayekha, wopanda womutseka maso!"

"Ndani?"

Ine za m'nyumba mwanga sindiuza anthu.

Koma Mmalawi akamva mfuu ya maliro sadikira kuitanidwa. Achimwene Yusufu anaika uthenga pa gulu la Amalawi la pafoni. Dzuwa lisanapendeke, amayi a ku Irene ndi ku Hatfield anali atakhala pa kapinga kunja kwa geti, zitenje m'chiuno, nyimbo itayamba kale. Nditatuluka, Mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi, anandigwira dzanja.

"Ndi mwana wanu wa ku Dedza uja?"

Kuvomera bodza lotero n'kumulodza mwana. Ndinabwerera m'nyumba, n'kutenga bukulo, n'kuloza tsambalo.

Nyimbo inafera m'kamwa.

"Eish, Agogo! Matakisi awiri ndakwera ine chifukwa cha katuni?" anatero Mayi Nachisale.

"Si katuni. Anali munthu wabwinobwino, kungoti sankakhulupirira aliyense."

"Zaka zonsezi simunapondepo pa maliro a Mmalawi mnzanu kuno, ati tikudyani miseche. Lero mukulira pepala! Tsiku lina mudzalira zenizeni, ife tidzati Agogo akuwerenga."

Anakutumula zitenje zawo n'kumapita. Palibe anaseka. Bola akadaseka.

Kuchokera tsikulo foni yanga ili zii. Achimwene Yusufu nawo akandiona amangoyatsa makina otchetchera kapinga. Ndipo Disembala aliyense adona amapita kunyanja masabata atatu, geti lokhoma.

Ndiye inu amene mumadutsa ku Garsfontein, pali kawindo pambali pa galaja kamene kamaonekera mumsewu. Mukaona katani wake wobiriwira sanatsegulidwe masiku awiri, imbani belu pageti. Sindidzakutsegulirani, sindikudziwani. Koma musachoke mpaka mutamva ndikukalipa.