Maselo Okana Kuwala

Usiku wathawu ndinalota zotopetsa, anzanga, moti ndadzuka msana ukuwawa ngati ndinali kumunda. Mukudziwa kuti mwezi wonse uno ndakhala ndikusaka chithunzi chimodzi chokha, cha maselo a munthu akuthwanima pamene tizilombo ta taifodi tikuwalowa. Paja timawathira utoto woti kashiamu akangotuluka m'nkhokwe zake, selo liwale mobiriwira. Ndipo a Dokotala Mtalimanja, ondiyang'anira aja, anandiuziratu kuti popanda chithunzicho chaka chino sindimaliza sukulu.

Ndiye m'malotomo ndili mu labu, ndaika diso pa maikulosikopu, iyo n'kundiuza kuti ndiyambe ndasamba kumaso chifukwa yatopa kuona manthongo anga. Ndisanaiyankhe, mwadzidzidzi ndaterereka n'kugwera m'kambale kamene timasungiramo maselo, madzi ake ofunda olekeza m'chiuno.

Maselo ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akuothera dzuwa. Ndinagwada n'kuwapempha kuti tizilombo tikafika, chonde awale. Selo lina lonenepa linati kashiamu alipo wambiri, koma kiyi wa nkhokwe anapita naye apongozi kumaliro ku Ntcheu.

Ndiye tizilombo tinafika pa minibasi, titanyamula zikwama ndi nkhuku, tikuodira khomo lililonse. Maselo n'kumatiyalira mphasa. Ine kukuwa kuti amenewo ndi adani, selo lonenepa lija linangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, kwanu mlendo mumamuthamangitsa asanamwe madzi?"

Mwadzidzidzi atulukira apampando a komiti yoona za kafukufuku, atavala suti. Akulankhula, suti ija inamera mawanga, mutu n'kuchepa, mpaka anasanduka nkhanga. Nkhangayo inafuna kudziwa ngati tizilombo tavomera kujambulidwa. Ndinafunsa kachilombo kamodzi kamene kanali pafupi, iko kanati kavomera, koma kayambe kapita kokalukitsa tsitsi.

Ndiye ndikudikira, a Mtalimanja anatsika pakhoma mwapang'onopang'ono ali nanzikambe, diso lina kwa ine, lina pawotchi. Anadzitukumula n'kubiriwira thupi lonse.

"Chovuta n'chiyani apa? Taonani ine, ndabiriwira popanda utoto."

Ndinati sindikufuna iwo, ndikufuna maselo. Anakhumudwa, nasanduka ofiira.

Pamenepo ndinangophethira, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka kuseka. Kachilombo kolukitsa tsitsi kaja kanandinong'oneza kuti maselo awala bwino kwambiri, ine ndi amene ndatsinzina. Ndinaphethiranso, anawalanso. Maselowo ndinawafunsa za kiyi uja, anati ali ndi wina wapadera koma satsegula nkhokwe munthu akuwayang'ana. Ndiye ndinatong'ola maso, kugwira zikope ndi zala, misozi ili mbwembwembwe, iwo ali duu, lina mpaka likusenda chinangwa.

Mwadzidzidzi kachilombo kena kanaponda selo lonenepa lija pachala. Linawala! Loyandikana nalo linawala, lina, linanso, kuwala kukuyenda ngati moto wolusa m'tchire la mu Okutobala, kambale konse kubiriwira. Ndinathamangira kamera n'kudina. Kamera inatsokomola n'kunena mwaulemu kuti ndiikhululukire, m'mimba mwake mwadzaza zithunzi za ukwati wa msuweni wanga, komanso akwatiwo sanamalize kudula keke.

Ndinainyamula kuti ndiimenyetse pansi, iyo ikulira kwee, kwee, kwee. Kutsegula maso, ndi mayi a nyumba yoyandikana nane akukwecha chidebe pampopi, pansi pa zenera langa penipeni.