Mathalauza Anayi ndi Botolo la Bambo

Anandilanda botolo la wisiki, lamba, ndi kaulemu kamene ndinatsala nako. Lambayo anabweza.

Ndinkabwerera kumudzi nditasiya sukulu ku Glasgow. Chifukwa chake musandifunse, afunsa kale ambiri. Viza inali itatsala masiku awiri, tikiti inali yotchipa ija yoti ndege ikakusiya, zako zada. Bambo, amene anagulitsa puloti kuti ndikaphunzire, ndinali ndisanawauze. Nzeru yanga inali botololo: ndikafika amwe kaye, nkhani ibwere pambuyo.

Koma Mmalawi sakwera ndege yekha. Zitangomveka kutchalitchi kuti ndikupita, anthu anayamba kufika ku Maryhill, kumene ndinkakhala, ndi majumbo. Mayi Chirwa, akazi a mkulu wa mpingo amene ankandisunga, analongedza okha sutikesi yanga: nsapato za ukwati, mafoni awiri, ketulo (ngati ku Lilongwe madzi timawiritsa m'manja).

"Nanga zovala zanga, amayi?"

"Uvale, mwanangu. Munthu samuika pa sikelo. Ukafika ndikutumizira mapaundi makumi atatu okuthokoza."

Anatseka ndi loko, kiyi n'kuika m'chikwama chawo mpaka ku bwalo la ndege. Botolo ndikanalilowetsa bwanji? M'manja namo, zakumwa salola kudutsa nazo pa chitetezo. Ndinalowa kubafa, n'kulimata pamwendo ndi tepi, pamwamba mathalauza anayi ndi majekete atatu.

Pamzere wa chitetezo thukuta linali litafika m'masokosi. Kutsogolo kunali makina aja ounika thupi, oti umaima mkati utatambasula manja. Mnzanga wina anandiuzapo kuti ukawakana amangokusisita pamwamba n'kukusiya. Mnzangayo sanakwerepo ndege chibwerereni.

"Makina sindilowa," ndinatero.

Mlonda sanakwiye n'komwe. "Ndi ufulu wako, mnyamata. Tikakusecha m'chipinda. Dikira apo."

Ndinadikira mphindi makumi awiri. Geti lokwerera ndege linkatsekedwa pakatha makumi anayi.

M'chipindamo munali amuna awiri ovala magolovesi. Jekete yoyamba, anangoiika pambali. Yachitatu, anayang'anana. Thalauza lachiwiri litatsika, wamkuluyo anafunsa ngati pansi pake pali munthu. Sindinaseke. Kenaka dzanja lake linafika pansi pa bondo, n'kuima.

Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Usasunthe. Manja pakhoma. Chimene wamata pamwendocho n'chiyani?"

"Mphatso."

Yankho lopusa kuposa limeneli kulibe. Mnzake anayankhula pa wailesi, ndipo panalowa wapolisi wa mfuti. Ndinaima chopenya khoma, mathalauza awiri ali m'mapazi, ndikumva dzina la mzinda umene ndinkakasinthira ndege likuitanidwa panja. Ndinawerenga: ndege ikapita, mawa ndilibe ndalama, mkuja ndilibe viza.

Anamatula tepi (ubweya wa mwendo umenewo sunamerebe bwino). Wapolisi anatembenuza botolo, anawerenga, anapumira m'mwamba.

"Ukudziwa kuti ameneyu amagulitsa mkatimu? Ukangodutsa chitseko icho, shopu yoyamba."

M'thumba ndinali ndi mapaundi anayi.

Anandifunsa mafunso, analemba za m'pasipoti, botolo n'kulowa m'bini. Ndinathamanga nditakumbatira mathalauza, lamba ali pakhosi. Ndinadutsa shopu ija, mashelefu odzaza mpaka kudenga. Pa geti ndinalowa womaliza.

Bambo ndinawauza asanamwe ndi dontho lomwe, masana, pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyang'ana sutikesi.

"Ndiye wabwera ndi chiyani?"

Ndinatsegula. Anaona ketulo.

"Imeneyonso si yathu," ndinatero.

Sanandiyankhule mwezi wathunthu. Katundu yense ndinaperekeza kwa eni ake, minibasi ndikulipira ndekha. Mayi Chirwa amanditumizira vesi pa foni m'mawa uliwonse, ndipo ndikawakumbutsa amayankha kuti akundipempherera. Mapemphero ndalandira, amayi. Kwatsala mapaundi makumi atatu.