Dzino ndi Dowe

Lolemba

Dzino layambanso. Lakumanzere, lam'munsi, lakumapeto kwenikweni. Linayamba nthawi ya Khirisimasi ndipo sindinauze munthu. M'nyumba muno matenda amayenda pamzere ngati kuchigayo, ndipo thumba langa silinafike kutsogolo. Kuli Tadala ndi mphumu yake. Kuli Madalitso, amene udzudzu wonse wa pa boma pano umamudziwa dzina. Amayi awo nawo msana. Ndiye munthu wamkulu, wa digiri, aimirire pakati pa zonsezi n'kunena kuti dzino? Manyazi.

Koma dowe wafika podya. Chimanga chija ndinabzala kuseri kwa nyumba, ndekha, kupalira ndekha ndikaweruka kusukulu. Ndevu zake zauma. Pakapita sabata chikhala chitalimba, chongoyenera nkhokwe. Chaka chonse ndimadikira chinthu chimodzi: kukhala pakhonde ndi chimanga chootcha m'manja, osaganiza kanthu. Ndinayesa dzana, kutafunira kumanja. Mano akangogundana ululu ukukwera mpaka kukhutu.

Pulani:
- Mawa kukazulitsa. Kuchipinda cha mano amathandiza m'mawa mokha, olawirira.
- Lachitatu mpaka Lachisanu phala, bala lipole.
- Loweruka mbaula, khonde, dowe.

Ahedi andilola kusowa m'mawa. Sanadabwe n'komwe. Angoti, "Ndani ulendo uno?"

Lero ndinali kuchipatala komweko ndi Tadala, tsiku lake loonana ndi dokotala. Mlonda wa pageti wandipatsa moni ngati wantchito mnzake. Amayi osesa akuti ndinasowa sabata yatha, ankada nkhawa. Chifuwa cha Tadala chili bwinoko. Akuti apewe utsi ndi fumbi. Ku Mchinji kuno. Ndavomera ndi mutu.

Lachiwiri

Ndatuluka kusanayere bwino. Benchi la kuchipinda cha mano: anthu atagwira masaya, maso pansi, palibe wolankhula. Ndi mzere wokhawo m'chipatala muno wopanda macheza. Ndaukonda. Chitseko chikatseguka tonse tikusendera ndi matako osaimirira. Thabwa lake laterera nako kusenderako.

Ndayandikira chitseko. Kenako ndikuona nsalu yodziwika ikudutsa pakhonde. Amayi a Tadala, Madalitso ali kumbuyo, mutu uli lende. Ndaimirira ndisanaganize. Ndapempha bambo wachipewa amene anali pambuyo panga kuti andisungire malo. Wavomera ndi maso.

"Uthenga wakupezani msanga kusukulu," atero amayi a Tadala. Ndati ee. Thupi la mwana lili moto.

Mizere ya lero:
- wolembetsa
- woonana ndi dokotala
- woyezetsa magazi
- wodikira zotsatira, umene suyenda
- wobwereranso kwa dokotala
- wa pawindo la mankhwala

Malungo. Sanamugoneke, Mulungu ngwabwino.

Ndazemba pang'ono kukasuzumira. Chitseko cha mano chatsekedwa, pabenchi palibe munthu. Bambo wachipewa ndakumana naye pageti, thonje mkamwa. Wandikwezera dzanja, kusonyeza kuti malo aja anagwira ntchito.

Madalitso walavulira mankhwala pamalaya anga. Kachiwiri taphwanya pasupuni ndi shuga, ine kugwira miyendo. Wandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Ndamuuza kuti mwamuna saopa mankhwala. Dzino lagunda pomwepo.

Pulani yasendera tsiku limodzi. Palibe choipa.

Lachitatu

Sindidziwa mmene uthenga umayendera m'dziko muno. Kalata ya kuunduna imatenga miyezi, koma malungo a Madalitso afika ku Mkanda tsiku lomwelo. Ndikuvala nsapato, apongozi anga akutsika matola pamsewu. Abwera kudzazonda mdzukulu. Avala nsalu ya chipani ya chisankho chapitachi, yokhala ndi nkhope ya mkulu uja analephera. Pansalupo akumwetulirabe, mano onse ali mbee.

Ine ndi apongozi sitiyang'anizana. Iwo amalankhula ndi chitseko, ine ndimayankha mpando. Auza chitseko kuti poti afika kale kufupi ndi chipatala, mawondo awo ndi mtima uja umathamanga zingoonedweratu. Amayi a Tadala sangamusiye mwana. Woperekeza ndine, "poti akamwini amadziwa Chizungu".

Adokotala ndi a ku Dowa. Chichewa chawo n'choposa changa. Komabe apongozi akufotokozera khoma, ine ndikubwereza zomwezo kwa adokotala, adokotala akuyankha ine, ine ndikuuza khoma. "Auzeni m'Chizungu, amve kuti zavuta." Ndanena m'Chizungu. Adokotala ayankha m'Chichewa. Zaka zonse zija ku koleji.

Awalembera mapiritsi. Akana, akufuna jakisoni. Akuti mapiritsi ndi a anthu odwala pang'ono. Takambirana ndi khoma mpaka dzuwa lafika pamutu. Kuchipinda cha mano ndangodutsa, ndalonjera chitseko.

Madzulo ndamva akuuza mwana wawo kukhitchini: "Akamwini anenepa. Ukuwasamala bwino." Ndadziyang'ana pagalasi. N'zoona, ndanenepa. Mbali imodzi. Apongozi amakhala chakumanzere kwanga.

Mlendo sagona osalawa za kumunda. Amayi a Tadala athyola dowe. Fungo lalowa mpaka m'chipinda momwe ndikuchonga makope. Ndati ndakhuta. Madalitso wadyako pang'ono, koyamba chiyambire dzulo. Ndasangalala, zoonadi. Kwinaku ndikumva apongozi akutafuna.

Lachinayi

Alendo a lero:
- amayi a mpingo, kudzapempherera Madalitso. Aimba bwino. Pochoka aliyense ndi chimanga chake pampango, poti sitingawabweze chimanjamanja.
- atsibweni anga a ku Kachebere, panjinga, akupalasa ndi mwendo umodzi. Amva kuti mdzukulu wadwala. Phazi linalo linakumana ndi khasu sabata ziwiri zapitazo. Alimanga ndi chidutswa cha thumba la feteleza.

"Mphwanga wanenepa! Boma likulipira bwino eti?" Nawonso akhala chakumanzere.

Bala lawo si lamasewera. Sindingawasiye. Chipinda chotsukira mabala chili moyang'anizana ndi cha mano, ndiye m'mawa wonse ndakhala ndikuonerera benchi langa likusendera popanda ine. Atsibweni agwira dzanja langa pomwe akuwatsuka, munthu amene anandiphunzitsa kupha njoka. Ndinatsala pang'ono kuwauza. Koma munthu phazi lili chotero, iwe n'kuyamba za dzino?

Akuti azibwera kudzatsukitsa mpaka litauma. Ndiye kuti agona kuno. Tadala wasamukira pansi.

Masana fomu folo. Mtsinje wa Bua ndi magwero ake, ndi theka la pakamwa. Akumbuyo akuti sakumva. Ndalemba zonse pabolodi. Mwina amva bwino kuposa masiku onse, chimene chikundidetsa nkhawa mwa njira ina.

Ndachukucha madzi amchere kuseri kwa bafa ngati wakuba. Pamenepo ndaona munda. Mizere yakutsogolo yatsala mapesi okhaokha.

Ndikudzifunsa ngati kusanenaku ndi kudzichepetsa kapena kunyada. Mwina ndimakonda kukhala munthu amene sadwala. M'nyumba muno udindo umenewu ndi wokhawo umene palibe akundilimbirana.

Mawa. Ndikazulitsa mawa, Loweruka ndikhoza kungolawako. Kapena Lamulungu.

Lachisanu

Aliyense wamwa zake. Madalitso wazizira thupi, akufuna mpira wake. Tadala akupuma bwino. Atsibweni akuti njira akuidziwa tsopano. Ndatuluka wina asanakumbukire kanthu.

Benchi. Ndili kufupi ndi kutsogolo. Pambali panga mayi wachikulire wa dengu ndi ambulera, tsaya atakulunga ndi mpango. Sindiwadziwa. Tasendera limodzi mpaka pachitseko penipeni. Wotsatira ndine.

Chitseko chatseguka. Atuluka anamwino aja akhala akundiona ndi Tadala kuyambira ali khanda.

"Aphunzitsi, lero mwatibweretsera amayi? Koma inu muli ndi mtima." Agwira mayi aja pamkono n'kuwaimiritsa. "Inu dikirani pakhonde, benchi ndi la odwala. Agwirireni katunduyu."

Dengu lili m'manja mwanga. Ambulera kukhwapa. Ndakweza chala monga amachitira ana a fomu wani akafuna kutuluka. Chitseko chatsekeka kale. Ndikucheuka, benchi lasendera. Pamalo panga pakhala bambo wamkulu thupi, maso atatsinzina.

Ndikanatha kunena. Mawu ake si ambiri: wodwala ndine. Koma pabenchipo pali makolo a ana amene ndimaphunzitsa, ndipo angomva kumene kuti ndili ndi mtima. Munthu wamtima sadzutsa mnzake pabenchi. Ndiponso dengu la eni ake ndikanalisiya pati?

Mayi aja atuluka, thonje mkamwa. Anamwino andipatsa ine malangizo: lero asadye zotentha, asamalavulelavule, mawa madzi amchere. Ndamvetsera bwino. Ndafunsanso ngati angamwe thobwa. Chizolowezi.

Pawindo la mankhwala. Kenako kudepoti, pang'onopang'ono, kukuwaza mvula, ambulera nditawagwirira. Ndawakweza minibasi ya kumalire. Achotsa thonje n'kufunsa, "Kodi ndinu mwana wa ndani?" Ndawauza. Sakuwadziwa makolo anga. Atsegula dengu lija nditanyamula m'mawa wonse, atulutsa chimanga chiwiri chachiwisi. "Mukaotche, mwanangu."

Ndathamanga pobwerera, munthu wamkulu, mphunzitsi, chimanga m'manja. Chitseko chotseka. Atsegulanso Lolemba.

Ahedi afunsa kuti wodwala ali bwanji. Ndati akwera minibasi.

Loweruka

Tsiku la mbaula, khonde, dowe.

Mbaula ilipo. Pakhonde pali atsibweni, phazi pampando. Apongozi ali kumunda ndi thumba, akuthyola choti akapatse ana ku Mkanda. Akuuza mapesi kuti chimangachi chayamba kulimba, mwini wake wachedwa nacho.

Pakamwa pakutseguka pongokwana supuni. Diso lakumanzere lachepa.

Wazindikira ndi Tadala. Mwana amene wakulira m'makonde a chipatala. Wandiyang'ana nthawi yaitali, wadzandigwira pamphumi ndi kumbuyo kwa dzanja monga ndimamuchitira iye. "Ababa, uku si kunenepa." Wapita kukhitchini. Sindinamuletse.

Amayi a Tadala abwera chikho chili m'manja. Aima kumanzere, kenako kumanja, kenako kumanzerenso.

"Chiyambire liti?"

Ndati Khirisimasi.

"Khirisimasi." Akhazika chikho pansi mosamala kwambiri. "Ndiye ife tinali kuti, bambo a Tadala? Tinali ku Zambia?"

Ndayamba kufotokoza za mzere wa kuchigayo. Sizinamveke bwino, ngakhale kwa ine. Ndawauzanso za mayi a dengu. Ayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati akulira kapena akuseka. Ndikuganiza zonse ziwiri.

Phala lamadzimadzi. Mapiritsi ophwanya pasupuni ndi shuga, poti athunthu sakulowa. Madalitso waima pafupi kuonerera. "Mwamuna saopa mankhwala," akutero. Wagwira mwendo wanga.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Dzina langa lapita. Amayi a Tadala alipereka kwa olengeza, lawerengedwa pakati pa odwala.

Masana nyumba yadzaza. Ndagonekedwa pamphasa pabalaza, malo amene ndakhala ndikugonekapo anthu ena zaka zonsezi. Denga likuoneka mosiyana ukakhala pansi pano. Pali lata lodontha limene sindimalidziwa.

Aliyense ali ndi mankhwala ake: fodya wamkamwa, muzu winawake wa ku Kachebere, mafuta a batire, pemphero. Ndathokoza onse ndi mutu. Amayi ena akuti anaona kale kuti kunenepaku sikunali kwabwino.

Alendo sabwerera osalawa. Kumunda kwatsala cholimba chokha, ndiye aotcha chiwiri chija cha mayi a dengu. Adya akulu a mpingo. Akuti n'chotsekemera, ndili ndi dzanja la ulimi.

Apongozi auza chitseko kuti sangachoke akamwini ali chigonere. Thumba lawo lili pakona, lomanga.

Potsanzika mkulu wina wawerama pafupi ndi khutu langa labwino. "Poti mawa mukupita kuchipatala, aphunzitsi, akunyumba diso likuwavuta." Amayi a Tadala ayankha ali pakhomo kuti mawa aphunzitsi ndi odwala. "Eya," atero mkuluyo, "ndiye kuti akakhala ali komweko." Mutu wanga wavomera wokha.

Pulani ya mawa si yanga. Amayi a Tadala andiperekeza, akakhala pambali panga, akanyamula chikwama, kuti aliyense aone kuti ndili ndi mwini wake. Akuti ndisakanyamule kanthu ka munthu, ngakhale kagwe pansi. Vuto n'lakuti nkhope yanga akuidziwa ngati ya woperekeza. Apongozi apeza yankho. Apereka nsalu yawo kudzera kuchitseko: "Muwamange iyi, akaoneke kuti ndi odwala."

Tayesera madzulo ano. Pansi pa chibwano, mfundo pamutu. Ndadziyang'ana pagalasi. Patsaya langa lakumanzere pakhala mkulu uja wa chisankho, akumwetulira, mano onse ali mbee. Nayenso anali ndi pulani.

Chaka chamawa ndibzala maungu.