Nsomba Zanga Zakana Adyo

Lolemba

Ndatsimikiza. Kuyambira lero nsomba zanga sizilawanso makapisozi.

Si kufuna kwanga. Ba Mweemba, amene amaphika pa loji ina ya kumtsinje, andipeza ku Mukuni Park komwe ndimagulitsa ziboliboli. Akuti loji ikufuna munthu wobweretsa nsomba sabata ndi sabata, ndipo Loweruka abwera kuno ku Maramba kudzaona thanki langa la kuseri kwa nyumba. Koma achenjeza: "Sinifuna nsomba ya makapisozi, ba bosi. Nikamvela chabe, nibwelela pa geti."

Wawauza ndani kuti ndimathira makapisozi a mankhwala m'chakudya cha nsomba kuti zisadwale? Odziwa ndi awiri: mkazi wanga amake Chipo, ndi ba Sitali a kuseri kwa mpanda, omwenso ali ndi thanki lawo. Amake Chipo sayenda kumaloji.

Masana ndili kusitolo ya mankhwala a ziweto. Mayi wogulitsa akulalikira. Akuti makapisozi amatsalira m'mnofu wa nsomba, tizilombo ta matenda timawazolowera, tsiku lina mwana adwala mankhwala osagwiranso ntchito. Akuti m'malo mwake ndizisakaniza m'chakudya zinthu zolimbitsa thupi la nsomba kuti zisamadwaledwale. Ndabwerako ndi:

paketi ya ufa wotuwa, akuti muli "tizilombo tabwino"
adyo wa ku Maramba Market
yisiti
masamba a chammwamba, othyola panjira

Tizilombo tabwino! Ndatsegula paketi, ndayang'ana padzuwa. Palibe chikuyenda. Mayi uja akuti kasupuni kamodzi kakang'ono basi. Ananenanso zina zokhudza madzi, koma ine maso anali pa sikelo yake.

Lachiwiri

Ndikusinja adyo mumtondo wa amake Chipo. Akuti nsinjiro zawo zinunkha mpaka Khirisimasi.

Ndasakaniza zonse, ndawaza pathanki. Masiku onse nsomba zimalumphira chakudya ngati anthu olimbirana minibasi ya m'mawa. Lero zabwera, zanunkhiza, zatembenuka. Imodzi yaikulu yaima pakona, ikundiyang'ana.

Mutu wa ba Sitali watulukira pamwamba pa mpanda. "Muphika chani, ba neba? Chinunkha bwino." Mpanda uja ndi wautali kuposa iwo. Ndiye kuti aponda pa njerwa. Munthu amaponda pa njerwa kuti angopereka moni?

Ndikuganizira za kasupuni kaja. Wogulitsa ndani amauza kasitomala kuti agwiritse ntchito pang'ono? Alipo m'bale wake woweta nsomba, safuna zanga zinenepe. Madzulo ndathira ufa uja kapu yathunthu.

Lachitatu

Adyo wachepa m'thumba. Nyemba za masana zikukoma modabwitsa. Ndafunsa. Amake Chipo akuti, "Idyani chabe." Ndadya mbale ziwiri, koma nkhaniyi sinathe.

Nzeru yatsopano: nsomba zikukana chifukwa chakudya n'chouma. Ndachiviika mundowa pamodzi ndi yisiti yense wotsala ndi shuga pang'ono, ndaika padzuwa, ndapita kukagulitsa.

Pobwerera ndapeza ndowa ikutulutsa thovu mpaka pakhonde. Fungo lafika kumsewu! Pabwalo pakhala azimayi a kwaya, anzawo a amake Chipo, abwera kudzayeserera nyimbo. Palibe akuyimba. Mmodzi akunong'ona mokweza: "Kanshi ba tate ba pano bayamba kuphika moba?" Amake Chipo akuyang'ana pansi.

Pageti paima bambo wina wosamudziwa, kapu ili m'manja. Ndamuuza kuti ndi chakudya cha nsomba. Akuti palibe vuto, alawa chomwecho. Wamutuma ndani?

Ndathira theka la ndowa m'thanki kuti onse aone kuti si mowa.

Lachinayi

Madzi asanduka ngati phala. Chakudya cha Lachiwiri chikadali pansi, chamera ubweya. Nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, ngati zikufuna kundiuza dzina la munthu. Zina zagona chagada.

Amene ndikuwakayikira:

ba Sitali (njerwa ija)
mayi wa kusitolo
bambo wa kapu
tizilombo tabwino, ngati tilipo
nsomba yaikulu ya pakona, ndiyo inayamba kukana, zinzake n'kutsatira

Magetsi azima, pampu yopopera mpweya m'madzi yaima. Akuti azima Maramba yense. N'zoona, koma bwanji lero?

Ba Sitali pamwamba pa mpanda: "Chinjani manzi, ba neba, yaola. Nibwele na mabaketi?" Ndathokoza mwaulemu. Munthu amene akufuna loji yomwe ndikufuna ine akuti ndisinthe madzi. Madzi sindisintha.

Madzulo ndalephera kupirira, ndapita pa shelefu pomwe pamakhala chitini cha makapisozi. Ba Mweemba sangadziwe. Chitini chilipo, m'kati muli mabatani. Amake Chipo aima pakhomo, Chipo ali kumsana. "Ndinataya m'chimbudzi Lolemba lomwe lija. Nsomba zimenezi amadyanso mwana uyu." Ndatseka chivindikiro. Ndabweza chitini.

Koma ndiye kuti m'nyumba muno zinthu zimatayidwa ine osadziwa.

Lachisanu

Zafa zambiri. Ndasiya kuwerenga. Amphaka a m'dera lonse akhala pamzere pakhoma, ena sindinawaonepo chibadwire.

Ndakulunga nsomba imodzi yakufa m'pepala, ndikupita nayo kusitolo ngati umboni. Mu minibasi anthu atsegula mawindo onse. Kondakitala: "Ba mudala, mwanyamula chani? Ni maliro olo ni ndiwo?" Wandipatsa mpando wakutsogolo ndekha. Aka n'koyamba.

Ndaika nsomba pa kauntala. Mayi uja wainunkhiza, wafunsa kuti ndinathira masupuni angati. Ndati kapu. Wafunsa za yisiti. Ndati yense. Wafunsa kuti madzi ndinasintha liti. Ndayang'ana sikelo yake. Wakoka mpando, wakhala pansi.

Akuti nsomba zanga sizinadwale, zabanika. Chakudya chosadyedwa chaolera m'madzi n'kutha mpweya. Ufa uja si wochiritsa lero ndi lero, umagwira ntchito pang'onopang'ono, kwa masabata, m'madzi oyera. Ndisiye kudyetsa masiku awiri. "Ndipo muchinje manzi, lelo lamene."

Mawu omwewo a ba Sitali! Anthu awiri osadziwana angalankhule zofanana chonchi?

Ndafika kunyumba ndili ndi mafunso okonzeka. Geti lili pululu. Ba Sitali ali pabwalo panga, buluku apinda m'mawondo, akutunga madzi oola m'thanki. Amake Chipo akubweretsa oyera kuchokera m'dramu la ba Sitali lomwe. Anyowa onse awiri. Nsomba zotsala zatsikira pansi, zikusambira.

Ndanyamula nawo ndowa mpaka dzuwa kulowa. Kwinaku ndikuyang'anitsitsa manja a ba Sitali. Sindinaone kanthu. Ndi ochenjera.

Loweruka

Ndasesa, ndakwirira zakufa kuseri kwa chimbudzi, ndavala shati ya kutchalitchi.

Ba Mweemba afika. Asuzumira m'thanki nthawi yaitali. "Zinangu zili kuti?" Ndati zina ndi zamanyazi. Sanaseke.

Afunsa kuti makapisozi ndinasiya liti. Ndikufuna kunena kuti kalekale, koma amake Chipo ayankha kale ali kukhitchini: "Pa Mande." Ba Mweemba apukusa mutu. Akuti masiku ochepa chonchi mankhwala sanachoke m'thupi, ndipo nsomba zatsalazi sizingakwane ngakhale tebulo la alendo a basi imodzi.

Akutembenuka kuti azipita, ndiye mutu uja watulukira pampanda. Moni, moni. Ba Mweemba afunsa ngati nawonso amaweta. Aponda pa njerwa yanga (inde, nanenso ndili nayo), asuzumira kutsidya. Ndapondanso ine.

Madzi oyera. Nsomba zonenepa, zonyezimira. Pazenera la ba Sitali pali paketi ya ufa wotuwa, yofanana ndendende ndi yanga, kasupuni kakang'ono kali pamwamba. Akuti makapisozi anasiya chaka chatha. Bwanji sanandiuze? "Nenze kufuna kukuuzani, ba neba, manje mumanithamangisa na maso."

Ba Mweemba atuluka pageti langa, alowa pageti la ba Sitali. Ndikumva kuseka. Ndikumva mafuta akulira m'chiwaya.

Ndinanena ine kuyambira Lolemba!

Lamulungu

Kutchalitchi benchi langa lili ndi malo ambiri. Mlaliki wanena za kuledzera. Azimayi a kwaya atembenuka onse nthawi imodzi.

Nsomba zotsala ndazipatsa chakudya chouma, ufa kasupuni kamodzi, adyo pang'ono. Zadya. Yaikulu ya pakona yadya pomalizira, itandifulatira.

Loji yapita. Mawa ndibwerera ku ziboliboli.

Madzulo ba Sitali agogoda pageti, anyamula ndowa. Muli tiana ta nsomba, tambirimbiri, tating'ono ngati chala cha Chipo. Akuti loji ikufuna zambiri kuposa zomwe thanki lawo lingakwanitse. Ndilere iti, tikakula tizikapereka limodzi. Ndafunsa mtengo. Akuti palibe mtengo. Amake Chipo athokoza mpaka kugwada, andiponda phazi kuti nanenso ndithokoze. Ndathokoza.

Zaulere. Kuchokera kwa ba Sitali.

Tiana tija sindinatithire m'thanki. Tili m'bafa pakhonde, patokha. Pakadali pano tikusambira ngati tosalakwa.

Ndasendeza mpando pafupi.