Akatswiri Oonera Kanema Chofulatira

M'dziko la Chiombammanja, kuseri kwa mapiri osapezeka pamapu, munkalamulira Mwinidziko Sindilakwa, Tate wa Fuko, Mthunzi wa Osauka, munthu amene akayetsemula nduna zinkathokoza. Dzikolo linali ndi bungwe la akatswiri oweruza masewero a pakanema, wapampando wake Wolemekezeka Kutsatamphepo. Akuluakuluwa anali ndi mwambo wawo: poonera sewero ankakhala chofulatira kanemayo, maso ali pankhope ya Mwinidziko. Iye akaseka, sewerolo linali la nzeru zakuya; akakwinya nkhope, linali zinyalala.

Tsono kunabwera sewero lanthabwala la Sajeni Ndagona, wapolisi wa galimoto yosakhala ndi mafuta, amene ankauza woberedwa kuti akagwire yekha wakubayo n'kubwera naye. Wolemba ndi kusewera anali bambo wina wofatsa, dzina lake Kalilole. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, apolisi enieniwo akuonera nawo mobisa, paja anyani amasekana zikundu. Koma tsoka silinunkha: tsiku limene bungwe linakhala pansi, Mwinidziko linkamuwawa dzino, ndipo anakwinya nkhope kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kutsatamphepo anaimirira nati, "Tate wa Fuko, ife akatswiri taliunika bwino sewero ili, ndipo ndi bodza lamkunkhuniza. M'dziko lanu lino mulibe wapolisi wogona pantchito. Sewero lithe, mwini wake amangidwe."

Kalilole anachita mantha kwambiri, chifukwa za m'chitokosi ankangozimva. Anatsanzika ana ake nakhala pakhonde kudikira apolisi, koma kunangobwera uthenga wakuti galimoto ilibe mafuta, apite yekha, mlandu suola. Munthu wosaukayo anayenda wapansi, khamu la anthu likumulondola. Kupolisi anapeza Konsitabo Mawa ali mtulo, chipewa chili kumaso.

"Pepani bambo," anatero Mawa atadzidzimuka, "unyolo anatibwereka anzathu, ndipo kiyi wa chitokosi apita naye abwana kumaliro. Khalani pabenchipo mudzilondere nokha. Mukafuna kuthawa mundidzutse."

Khamu linafa nalo phwete. Nthawi yomweyo anafika Kutsatamphepo kudzaona ngati chilungamo chachitika, ndipo popeza Mwinidziko panalibe, kwa nthawi yoyamba anayang'ana kutsogolo. Anaona Kalilole pabenchi, wapolisi akuyasamula, anthu akupukuta misozi.

"Anthu inu, taonani mwano," anatero Kutsatamphepo. "Taliletsa sewero ili, koma akulijambulabe masana dzuwa likuswa mtengo. Ndipo wosewera watsopanoyu wanyanya. Wapolisi wotere sanabadwe m'dziko muno. Nayenso amangidwe."

Konsitabo Mawa anamenya sawasha, nakakhala pabenchi pambali pa Kalilole kuti adzilondere. Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Kalilole anamugoneka bwinobwino, namufunditsa jekete, n'kubwerera kwa ana ake. Mpaka lero mafuta okamutengera sanapezeke.