Filimu ya ku Ntengo

Nkhani iyi ndimaifotokoza maso ali pansi.

M'mawa womaliza uja mkazi wanga Luiza anaima pakhomo akumanga mpango. "Bambo a Tina, musazimitse kompyuta, ikukopera." Kenako anakakwera chapa, minibasi ya ku Furancungo. Chapayo sinafike.

Luiza ankagwira ntchito ku ofesi ya zaulimi kuno ku Tsangano. Maliro atatha ndinayamba kumatsegula kompyuta yake yakale ija. Tsiku lina ndinapezamo fayilo yaikulu kwambiri, dzina lake Ntengo_Dezembro.nc. Ndinakumbukira kuti Khirisimasi yomaliza tinadyera kwao ku Ntengo-Wambalame, iye akujambula aliyense pa foni. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, choncho ndinaganiza mwadongosolo: fayilo yaikulu, dzina la mudzi, mwezi womwewo. Imeneyi ndi filimu.

Inakana kutseguka. Komabe apongozi anga ndinawauza.

"Ndiye kuti ndidzamumvanso akuseka?"

"Mudzamumva, amayi."

Pulogalamu yotsegulira mafayilo otero ndinaipeza pa intaneti, koma inati Windows yathu ndi yakale. Ina inafuna pulogalamu inzake kaye, inzakeyo n'kufunanso ina. Uku apongozi akutumiza uthenga ndi aliyense wobwera kumsika: filimu ija bwanji?

Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Furancungo, kwa a Fernando, amene ankagwira ntchito ndi Luiza. Anayang'ana dzina la fayilo, n'kundiyang'ana ine.

"Professor, mukufunadi kuona zimenezi?"

"Ndi zomwe anandisiyira."

Maso awo anadzaza misozi. "Amuna ambiri sasamala n'komwe zomwe akazi awo ankachita."

Za filimu sindinawatchulire. Anafufuza m'madisiki akale mpaka anapeza pulogalamu ya msinkhu wa kompyuta yathu, nandiikira pa fulashi. Kunyumba inalowa bwinobwino. Koma fayiloyo sindinaitsegule. Ndinaona kuti si ulemu kuonera ndekha mayi wake asanaone.

Lamlungu apongozi anabwera ndi alamu anga, azakhali, ndi amayi a kwaya atavala yunifolomu. Mipando tinabwereka kwa aneba. Tinapemphera. Ndinadina.

Panatuluka mapu. Mabanga obiriwira ndi ofiira ankayenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, manambala akusintha pakona. Anali mawerengero a mvula ya mwezi umenewo.



"Mwina ndi poyambira chabe," anatero azakhali.

"Kwezani mawu, alamu."

"Ilibe mawu."

"Nanga anthu alowa nthawi yanji?"

"Mulibe anthu," ndinatero. "Ndi mvula."

Mayi wina wa kwaya, amene anali atayamba kale kulira, anasiyira pakati n'kupinda kansalu kake. Alamu anatuluka panja, ndipo chifuwa chomwe chinawagwira kumeneko sichinali chifuwa koma kuseka. Ndinaphunzira kuti munthu wa sukulu akalakwitsa amayamba waitana mboni.

Apongozi okha sanasunthe. Anakokera mpando pafupi.

"Izi ndi zomwe ankayang'ana tsiku lonse?"

"Ee, amayi."

"Kwathu ndi pati?"

Ndinaloza kadontho pafupi ndi malire. Banga lobiriwira linadutsa pamenepo, n'kupita.

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

Amabwera Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse. Amakhala pampando womwewo.